Mzuzu ikulire kuti, ku Dunduzu, ku Lusangazi, njira ya ku Nkhata Bay kapena m'kati momwemuno?

Alamu anga akhala akusunga ndalama kwa zaka zitatu kuti agule puloti, ndiye Lamulungu lapitali atatuluka ku tchalitchi anadzera kunyumba kuno, akuti alamu tandithandizani maganizo, ndigule kumtunda kwa Luwinga kulowera ku Dunduzu kapena ndipite ku Lusangazi komwe malo akadali otsikirako mtengo? Ine ndinawafunsa chinthu chimodzi basi, ndinati mukadzamanga kumeneko, inuyo, amayi akunyumba ndi ana atatu aja mamawa uliwonse muzidzadutsa pati, ndipo ndi anthu ena angati amene azidzafuna kudutsa pomwepo nthawi yomweyo? Anakhala kaye phee, kenako akuti zimenezo sindinaziganizepo, ine ndimangoona mtengo ndi madzi.

Si iwo okha. Ambirife tikamakamba zoti tawuni ikule timakamba za mitengo ya mapuloti, madzi a Water Board, mapolo a ESCOM, koma za msewu timadzazikumbukira nyumba itatha kale, tili pa siteji mvula ikutikwapula. Ndipo funso lomwe ndinawafunsa alamuwo ndi lomwenso akhonsolo, a mapulani a mzinda, a Roads Authority ngakhale mafumu amene akugawa malo m'mphepete mwa mzinda akuyenera kumaliyankha asanaloze chala kuti uko ndiye kumangidwe.

Taonani mmene Mzuzu inakhalira. Tawuniyi inayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung cha m'ma 1947, inadzakhala mzinda mu 1985, kalembera wa 2008 anapeza anthu cha m'ma 130,000 ndipo wa 2018 anapeza 221,272. Kukula kotereku, pafupifupi 5 pa 100 aliyense chaka ndi chaka, kukutanthauza kuti mwana amene akuyamba Standade 1 lero pomadzamaliza koleji anthu mu mzinda muno adzakhala atachuluka kawiri. Koma misewu ikuluikulu yotulukira ndi itatu yomwe ija: M1 yopita ku Lilongwe kudzera ku Chikangawa, M1 yomweyo yopita ku Ekwendeni mpaka ku Karonga ndi ku boda ya Songwe, ndi M5 yotsikira ku Nkhata Bay. Itatu yonseyi ili ngati nkhuni zitatu zomwe mitu yake yakumana pakati pa mafuwa, moto wake uli pa raundabauti yomwe timaitcha ya pa Shoprite paja. Kulikonse komwe mungaike nyumba zatsopano mukusonkhezera moto womwewo, funso ndi loti mbali iti ikusonkhezera pang'ono.

Ndisanayerekeze mbalizi ndifotokoze kaye mmene munthu angayezere, chifukwa anthu amaganiza kuti kuyeza trafiki ndi zamakompyuta zokhazokha pomwe chiyambi chake ndi kope, bolopeni ndi kudzuka m'mamawa. Mumaima pa mphambano kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 8, kenako madzulo kuyambira 4 mpaka mdima, n'kumalemba chilichonse chodutsa pa mphindi 15 zilizonse. Ndikati chilichonse ndikunena ma Sienta, maminibasi, mathiraki, njinga zamoto, ma Sacramento athu aja (njinga zakapalasa zonyamula anthu), ana asukulu, amayi osenza nthochi ndi chinangwa, chifukwa mu Mzuzu muno anthu ochuluka amayenda wapansi kapena pa kabaza, ndiye kuwerenga magalimoto okha kuli ngati kuwerenga mbuzi n'kusiya nkhuku kenako n'kumati ziweto zonse ndi zimenezi. Mulembenso kuti akukhotera kuti. Galimoto imodzi yomwe yaima pakati pa msewu kudikira kukhotera kumanja imaimitsa onse a m'mbuyo mwake, pomwe magalimoto khumi ongopita chitsogolo savutitsa munthu. Thiraki ya mafuta imodzi ikamakwera chitunda yadzadza imatenga malo ndi nthawi ya magalimoto ang'onoang'ono angapo, ndiye simungailembe ngati Sienta. Ndipo tsiku limodzi silokwanira ayi, pamafunika tsiku la sukulu, Loweruka, kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, komanso tsiku la mvula, poti kuno mvula imatha kugwa mpaka Epulo kapena Meyi ndipo ikagwa aliyense amene amayenda wapansi amathamangira galimoto.

Mukatero ndiye mumabwera ku masamu a malo atsopanowo. Tingoyerekeza, awa ndi manambala ongophunzirirapo: malo agawidwa mapuloti 1,000, nyumba iliyonse mukutuluka anthu awiri opita m'tauni m'mamawa, ndiye kuti anthu 2,000 m'maola awiri. Akakwera ma Sienta onyamula anthu 6 ndi maulendo 334. Akakwera maminibasi a anthu 14 ndi maulendo 143. Itakhala basi yayikulu ya anthu 60 ndi maulendo 34 okha. Akakhala pa kabaza ndi njinga 2,000 zonse m'mphepete mwa tala yemweyo. Musaiwale kuti galimoto ikatsitsa anthu imabwereranso kukatenga ena ndiye ikudutsa pa mphambano paja kawiri. Tsono tembenuzani: ngati kumaloko kuli pulayimale, sekondale, msika ndi kachipatala, mwina theka la anthu aja sakufikanso pa M1. Apa ndiye pagona nkhani yonse kwa ine, nyumba zokha zopanda ntchito, sukulu ndi msika pafupi ndi fakitale yopanga mizere ya magalimoto.

Tiyambe ndi kumpoto, Luwinga, Nkhorongo, Dunduzu mpaka ku Ekwendeni, chifukwa ndi komwe mzinda ukuthamangira kale wokha ngakhale wina asaulamule. Ubwino wake waukulu ndi woti kuli kale zinthu zokoka anthu. Yunivesite ya Mzuzu, Mzuni, ili ku Luwinga kuyambira pomwe inatsegulidwa mu 1999, Central Hospital ili mbali yomweyo kuyambira 2000, mafakitale ndi malo osungira katundu alinso ku Luwinga. Ukapitirira makilomita pafupifupi 20 wafika pa Ekwendeni pomwe pali chipatala cha mishoni, kampasi ya University of Livingstonia, masukulu ndi msika wake. Ndiye munthu wokhala ku Dunduzu ali pakati pa malo awiri a ntchito, akhoza kugwira ku Luwinga kapena ku Ekwendeni osaponda m'tauni sabata yathunthu, ndipo m'mamawa magalimoto amadzadza mbali zonse ziwiri, zomwe ndi zabwino kwa madalaivala komanso kwa msewu, kusiyana ndi malo oti m'mamawa onse akulowera kumodzi madzulo onse akubwerera kumodzi.

Koma vuto la kumpoto ndi lalikulunso, ndipo ndimaliona ndi maso tsiku ndi tsiku. M1 imeneyi si msewu wa Mzuzu yokha, ndi msewu wa dziko lonse, mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, mathiraki a katundu wa ku Songwe, mabasi a ku Karonga ndi ku Chitipa, ma ambulansi ochokera ku Rumphi onse akudutsa pomwepo. Tsono aliyense akufuna puloti ya m'mphepete mwa tala, wina golosale, wina filing'i siteshoni, wina malo ogona alendo, wina tchalitchi, ndipo aliyense akutsegula geti lake kuloza mu M1. Geti lililonse ndi kamphambano. Tsiku lina cha m'ma 7 koloko ndinaima chakufupi ndi Luwinga kudikira galimoto, ndinaona wa kabaza atanyamula ana awiri a yunifolomu, wamng'ono atakhala kutsogolo wagwira chiwongolero ndi timanja take chikwama chili pakhosi, minibasi yaima theka pa tala theka kunja ikukweza munthu, ndiye wa kabaza uja kuti ailambalale analowa mu msewu pomwe thanki ya mafuta ikubwera m'mbuyo mwake. Dalaivala anaimba hutala yaitali, mphepo ya thirakiyo inagwedeza njinga, kamwana kaja kanangotseka maso. Palibe chinachitika, anadutsa bwinobwino, koma ine miyendo inandizizira mpaka ndinakafika ku ntchito. Zimenezi zikuchitika anthu akadali ochepa, nanga mapuloti onse a ku Dunduzu akadzadzadza?

Ndiye kumpoto ndikuvomera, koma pokhapokha nyumba zikule cholowa m'kati, zisamangondandalikana m'mbali mwa tala ngati mikanda. Pakhale misewu ya m'kati yoyenda chofanana ndi M1 yoti mwana apite ku sukulu, mayi apite ku msika osaponda msewu waukulu, ndipo yolowera mu M1 ikhale yowerengeka, yokonzedwa bwino, yokhala ndi pokwezera anthu kunja kwa tala. Palinso nkhani ya mtsinje wa Lunyangwa womwe uli pakati pa tawuni ndi Luwinga. Msewu mukhoza kuukuza, koma powolokera pakakhala pochepa onse amadzathithikana pa mlatho, ndiye amene akuyeza mbali imeneyi awerengere mtengo wa milatho ina, asangowerengera tala.

Kum'mwera, ku Lusangazi, nkhani yake ndi yosiyana. Malo aliko, mphepo yabwino, mitengo yake ndi yomwe yawakopa alamu anga. Koma tafunsani kuti munthu wa ku Lusangazi akagwira ntchito kuti? Ma ofesi ali m'tauni, msika waukulu ndi depoti zili m'tauni, chipatala chachikulu ndi yunivesite zili kutsidya ku Luwinga. Ndiye kuti pafupifupi aliyense wotuluka m'nyumba m'mamawa akulowera mbali imodzi, akukumana ndi a ku Mchengautuwa omwe ndi ochuluka kale, onse n'kudzathira pa Katoto, ndipo wopita ku Central kapena ku Mzuni akuyenera kudutsa pa raundabauti pomwe paja kenako n'kukalowanso mu mzere wa ku Luwinga. Pa masamu aja, munthu mmodzi wa kum'mwera amalemetsa mphambano ziwiri kapena zitatu pomwe mnzake wa ku Dunduzu wogwira ku Luwinga salemetsa ngakhale imodzi ya m'tauni. Onjezanipo mathiraki a matabwa ochokera ku Chikangawa, mabasi a ku Lilongwe, mathanki opita ku nkhokwe za mafuta za NOCMA ku Sonda, komanso zitunda ndi makona a msewu umenewu zomwe zimapangitsa kuti thiraki ikakhala kutsogolo onse muziyenda liwiro lake.

Sindikunena kuti kum'mwera kusamangidwe, anthu amanga kale ndipo apitiriza. Ndikunena kuti kumeneko dongosolo likhale lotembenuza, ziyambe ndi zokoka anthu kenako nyumba. Msika weniweni wokhala ndi shedi ndi zimbudzi, sekondale, helefi senta, malo oimikapo mathiraki kuti asamagone m'tauni, ngakhale siteji ya mabasi a ku Lilongwe. Zimenezi zikakhalapo Lusangazi ikhoza kukhala katawuni pakokha ngati mmene ilili Ekwendeni. Zikapanda kukhalapo ndiye kuti ndalama yomwe munthu wapulumutsa pogula puloti yotchipa azidzaipereka pang'onopang'ono kwa makondakitala kwa moyo wake wonse, anthu asanu m'nyumba kupita ndi kubwera, masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pa sabata, tawerengerani nokha pa mtengo wa lero.

Za kum'mawa, njira ya ku Nkhata Bay, sinditayapo nthawi yambiri. Msewu ndi wabwino chikonzereni, ndipo munthu ukauona umakopeka. Koma mbali imeneyo kuli nkhalango ya Kaning'ina, kuli Moyale Barracks, kuli damu la Lunyangwa komwe timamwa tonse, ndipo ukangopitirira pang'ono dziko layamba kutsetsereka kulowera ku nyanja. Malo omanga ndi ochepa, misewu ya m'zitunda imadula kupanga komanso imakokoloka, ndipo aliyense wochokera kumeneko polowa amadutsa pakati penipeni pa tawuni mu Orton Chirwa Avenue. Ngakhale trafiki ikanakhala yopepuka bwanji, kudula mitengo komwe kumachokera madzi athu kuti tipeze mapuloti ine ayi.

Njira yachinayi anthu saikonda kuimva chifukwa aliyense amalota mpanda wake ndi kadimba kuseri, koma pa nkhani ya mayendedwe ndi imene imapambana zonse: kudzadza m'kati momwemuno. Munthu wa ku Chibavi, Chiputula, Katawa kapena Chibanja amatha kufika ku msika wapansi kapena pa Sacramento mphindi zochepa, safuna mpando mu galimoto iliyonse. M'tauni muli nyumba zambiri zapansi pa malo oti pakanakhala nyumba zosanja, pansi mashopu pamwamba anthu. Bwalo la ndege lakhala malo aakulu pakati pa malokeshoni, ndipo nkhani yolisamutsa yakhala ikukambidwa kwa zaka, litati lasamukadi malo amenewo atagawidwa mwanzeru, misewu yodutsa ikhalepo yolumikiza malokeshoni omwe pano amazungulirana, zikhoza kupepuza M1 kuposa kuikuza.

Koma kudzadza m'kati kuli ndi ngozi zake zomwe tinaziona. Amene analipo mu Epulo 2016 akukumbukira mmene mvula inagwetsera nyumba m'malo otsika ndi m'zitunda za mu mzinda muno. Ndiye kudzadza sikutanthauza kumanga m'madambo kapena kutseka njira za madzi. Kumafuna ngalande zenizeni, mayendedwe a anthu apansi m'mbali mwa msewu omwe sanalandidwe ndi mabenchi a malonda kapena magalimoto oimikidwa, kanjira ka njinga, ndiponso nyumba yosanja iliyonse ikhale ndi poimika magalimoto ndi potsitsira katundu pake. Apo ayi lole yotsitsa simenti pa hadiweya imodzi izitseka msewu wonse kwa ola.

Pali chinthu china chomwe chimakhudza mbali zonsezi ndipo ndimachinena ndi mtima wonse chifukwa chinandigwera. Kumene ndikukhala kuno, amene anatigulitsa malo anasiya kanjira koti galimoto imodzi n'kudutsa movutikira, anatiuza kuti msewu udzakuzidwa m'tsogolo. Aliyense atamanga anakankhira mpanda wake kunja pang'ono, uyu phazi limodzi uyo mapazi awiri, mpaka kanjira kanasanduka ngalande ya madzi. Chaka china mu Malichi amayi anga anadwala usiku, mvula ikugwa, galimoto yomwe tinaitana inakanika kulowa inaima kumtunda ku msewu. Ndinawabereka kumbuyo ngati mwana, mng'ono wanga akuwalitsa ndi tochi ya foni, matope ofiira aja akuterera, iwo akungoti pepa mwanawe, pepa mwanawe. Anachira, tikuthokoza Mulungu. Koma kuyambira tsiku limenelo ndikamva kuti kwinakwake akugawa mapuloti chinthu choyamba chomwe ndimafunsa ndi kukula kwa msewu womwe wasiyidwa, ndipo ngati pali mabikoni osonyeza malire ake. Malo a msewu amasiyidwa kukadali tchire, ngakhale ndalama ya tala kulibe, msewu wafumbi wotakata ukhoza kudikira zaka 20. Nyumba zikamangidwa ndiye kuti mpaka chipukuta misozi, milandu ndi kugwetsa, ndipo nthawi zambiri zimangothera pomwepo.

N'chimodzimodzi ndi msewu wolambalala tawuni. Ku Lilongwe anapanga bayipasi ya kumadzulo kuti mathiraki asamadutse pakati pa mzinda. Kuno thanki yochokera ku Songwe yopita ku Lilongwe ilibe chochita m'tauni mwathu koma ilibenso kwina kodzera. Poti kum'mawa kuli nkhalango ndi zitunda, maganizo anga ndi oti mzere wake ungadzere chakumadzulo, kuchoka mbali ya Lusangazi kukatulukira mbali ya Dunduzu, ndipo ngati pali chinthu chimodzi chofunika kuchiteteza lero lomwe ndi mzere umenewo, chifukwa ndi komwenso anthu akugula malo mothamanga. Koma bayipasi nayonso ili ndi khalidwe lake, ikangotha anthu amaithamangira ndi magolosale ndi mageti, pakapita zaka khumi yasanduka msewu wa m'tauni ngati womwe timauthawa uja. Ndiye polowera pake pakhale powerengeka kuyambira tsiku loyamba.

Ena amati bwanji osangokuza M1 ikhale ya mizere inayi nkhani ithe. Pakati pa tawuni ndi Luwinga kukuza kukufunika ndithu, sindikutsutsa. Kungoti msewu wotakata umathamangitsa magalimoto, ndiye kwa gogo wowoloka kupita ku Central kapena mwana wa Standade 2 umakhala woopsa kuposa kale ngati palibe powolokera pabwino, ndipo magalimoto onse othamangawo amakathera pa raundabauti imodzi yomwe ija. Woyeza aliyense amene akubweretsa pulani ya msewu afunsidwe kuti anthu apansi awoloka pati, minibasi iima pati, njinga idutsa pati, ndipo apolisi a pamsewu ndi achipatala anawafunsa kuti ngozi zimachitikira malo ati, poti iwowo ndi amene amatola anthu.

Ndikaika zonse pa sikelo, ine ndingayambe ndi kudzadza m'kati m'malo ouma ndi okwera bwino, kenako kumpoto koma cholowa m'kati ndi misewu yakeyake, kum'mwera kudikire kaye msika, sukulu ndi chipatala kapena zipitire limodzi, kum'mawa kusiyidwe kukhale kwa madzi ndi mitengo. Wina wogwira ntchito ku Sonda kapena wochita bizinesi ya matabwa akhoza kuona mosiyana ndipo akhala akulondola pa moyo wake, chifukwa kwa iye Lusangazi ndiye pafupi.

Alamu anga amagwira ntchito ku Luwinga, akazi awo amagulitsa ku msika waukulu m'tauni, ana awiri ali ku pulayimale wina ali Fomu 1. Tinakhala pansi n'kulemba maulendo a aliyense pa sabata, mbali ino Lusangazi mbali ino Dunduzu, ndi mtengo wa ulendo uliwonse. Sanagamulebe. Tagwirizana kuti Lachiwiri likubwerali tidzuke 5 koloko tikakwere galimoto kuchokera pa puloti ya ku Lusangazi ija mpaka pa geti la ku ntchito kwawo tione nthawi, Lachinayi tidzachite chimodzimodzi kuchokera ku Dunduzu, ndipo ine ndanena kuti nditenga tepi yoyezera, tikayeze msewu womwe wasiyidwa kutsogolo kwa puloti iliyonse kuchokera pa bikoni kufika pa bikoni.